Kakamera ka Achimwene

Achimwene anga anali ndi kakamera kobulungira ngati dzira la bakha, kachingwe kake katalikatali, ndipo ankakakhazika pamwamba pa sikirini ya kompyuta. Anakatola pakaunjika mu Zomba, m'katoni ya mawaya akale, mwini katoniyo osadziwa n'komwe kuti akugulitsa chiyani. Kwathu ndi kwa Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa, ndipo masiku amenewo m'mudzi monse munalibe foni yoonetsa nkhope ya munthu. Wofuna kuona m'bale wake wa ku Joni ankabwera kwathu.

Kompyutayo inkakhala m'kanyumba ka zidina kamene achimwene anamanga okha kuseri kwa nyumba ya amayi. Denga linali la udzu, pamwamba pake sola, pansi pa tebulo batire la galimoto. Zenera linali limodzi, laling'ono ngati la khola la nkhunda. Loweruka azimayi a ku chilumba cha Chisi ankaoloka pa bwato atavala zitenje zawo za kutchalitchi, n'kukhala pamzere pakhonde, aliyense akudikira nthawi yake yoti aone mwana wake pagalasi.

Koma kakamerako kanali ndi tsankho, ine ndimatero mpaka lero. M'kanyumba mwa mdima muja nkhope ya munthu wakuda inkangozimirira, kumaoneka mpango, maso ndi mano basi. Ndimakumbukira mnyamata wina wa ku Joni akufuula mu sipika kuti, "Amayi, senderani kufupi, ndikungoona duku!" Mayi akewo anasendera mpaka mphuno kugunda sikirini, mwana osawaonabe. Anatuluka akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ulendo wonse wa pamadzi uja wapita pachabe. Achimwene tsiku limenelo sanadye.

Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti kamera ndi kompyuta sizimvana zokha. Pakati pake pamakhala kapulogalamu kakang'ono kozilumikiza, kamene odziwa makompyuta amati dalaivala. Chipangizo chilichonse chimene ungalumikize ku kompyuta chimakhala ndi dalaivala yakeyake, ndipo zonsezo zimasungidwa mu sisitimu, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Sisitimu imene achimwene ankagwiritsa ntchito inali yaulere, yolembedwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana mongothandizana, ndipo aliyense anali womasuka kuitsegula n'kukonza chimene chamusowetsa mtendere. Amene analemba dalaivala ya kakamera kathu anali atazisiya kalekale. Achimwene, munthu wolekeza Fomu 4 amene anaphunzira kompyuta mongopamanthapamantha, anati aikonza okha. Ine ndinaseka. Ndinali kusekondale nthawi imeneyo, ndipo ndinkaseka chilichonse.

Zinawatengera chilimwe chonse. Woyesera anali amayi, poti ndi amene ankapezeka pakhomo nthawi zonse. Ankawakhazika pampando kutsogolo kwa kakamerako, lichero la mpunga pamiyendo, iwo akusankha timiyala. Achimwene amasintha kanthu, n'kuyang'ana sikirini, n'kupukusa mutu.

"Amayi, tayang'anani kuno."

"Ndiyang'ane kangati? Nkhope ndi yomweyi, sinasinthe chiyambire m'mawa."

"Musaseke, mano akusokoneza kuwala."

"Ndiye ndiwazule?"

Tsiku limene zinatheka ndinalipo. Pasikirini panatuluka amayi enieni, makwinya a m'mbali mwa maso, kachipsera ka pachipumi kamene anavulala ndi zenga ali mtsikana, khungu lawo lakuda losalala lija. Amayi anadziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakonza duku. Loweruka lotsatira ndi iwo amene ankauza azimayi a pakhonde kuti aliyense apukute kumaso, makinawa tsopano amaona ndi thukuta lomwe.

Achimwene anatumiza zimene anakonzazo kwa anthu osamalira sisitimu aja. Anazilandira, n'kuwafunsa ngati angakhale iwo woyang'anira dalaivalayo, poti inalibe mwini. Anavomera osaganiza kawiri. Anatiitana tonse kuti tione dzina lawo litalembedwa pamwamba pa mizere ya dalaivalayo. Zonse zinali m'Chingerezi ndi zizindikiro zachilendo, koma chapakati anali atalowetsamo mzere umodzi wa Chichewa, wofotokozera amene adzawerenge: "Apa ndawonjezera kuwala kuti amayi aoneke." Anthu akunjawo mwina sanaumve, anangousiya.

"Dzina ili," achimwene anatero akugogoda sikirini ndi chala, "lili m'makompyuta a m'mayiko amene ine sindidzapondako."

"Nanga likubweretsera mkazi?" amayi anafunsa.

Silinawabweretsere. Chimene linachita n'choti linandikokera ine ku makompyuta. Ndinakaphunzira, ndinapeza ntchito mu Zomba yosamalira makina a pa ofesi ina, ndipo ndikugwirabe. Kumudzi zinthu zinasintha. Mafoni oonetsa nkhope anafika, pakhonde paja mzere unayamba kufupika. Nyanja itaphwa, anthu n'kumayenda wapansi kupita ku Chisi pamatope ong'aluka, asodzi anabalalika, kanyumba kaja kanangoti zii. Madzi anabwerera, makasitomala sanabwerere. Achimwene ankatsegulabe m'mawa uliwonse, kupukuta fumbi, kuyatsa kompyuta, kuyankha mafunso a anthu akutali amene ankavutika ndi kakamera konga kawo. Kenaka anadwala. Anamwalira m'nyengo ya dzinja, anthu ali kalikiliki kuwokera mpunga. Ndimawasowa, ndipo sindinapezebe njira ina yonenera zimenezi.

Maliro atatha, amalume ananena kuti mwambo wa makolo ndi woti nyumba ya malemu igwetsedwe. Amayi anakana. Sanakweze mawu, anangotenga kiyi wa kanyumbako n'kumumangirira kunsonga ya chitenje, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinali mbali ya amalume, osati chifukwa cha mwambo, koma poti khoma la kummawa linali ndi mng'alu. Ndikapita kumudzi nyimbo yanga inali imodzi. "Amayi, kadzagwera ana a eni ake aka." Iwo ankayankha kuti andimva, n'kundifunsa ngati ndadya.

Pamenepo n'kuti inenso ndili ndi kanyumba kanga kamene sindinkauza munthu. Sisitimu ija imatuluka yatsopano pafupipafupi, ndipo ikatuluka, ndisanachite china chilichonse ndinkalemba dzina la achimwene pamalo ofufuzira. Linkatuluka. Ndinkatsikira mpaka pamzere wa Chichewa uja, n'kuuwerenga, n'kutseka, n'kuyamba ntchito. Anzanga ena amapita kumanda kukaika maluwa, ine ndinkapita kumeneko. Zinkandikhazika mtima pansi kudziwa kuti kwinakwake, m'kompyuta ya munthu amene sanamvepo za Chilwa, muli achimwene akuwonjezera kuwala.

Choyamba kusintha chinali chizindikiro. Anthu osamalira sisitimu aja ataona kuti makalata awo sakuyankhidwa, analemba pambali pa dalaivalayo mawu a Chingerezi otanthauza kuti ndi yamasiye. Ndiwo mawu enieni amene amagwiritsa ntchito pa dalaivala yopanda woisamala. Ndinawayang'ana mawuwo ndi mkwiyo, komabe dzina ndi mzere uja zinalipo, ndiye ndinameza malovu. Patapita zaka ndithu, tsiku lina masana ndili pa ofesi, ndinapeza chidziwitso. Mmodzi mwa akuluakulu osamalira mbali ya makamera analemba kuti akufuna kuchotsa madalaivala angapo akale, ndipo ya achimwene inali pomwepo. Anafotokoza zifukwa zake mosazungulira. Dalaivalayo inalembedwa m'njira yakale imene ena onse anaisiya. Akasintha maziko a sisitimu, pamafunika wina woigwiragwira kuti isatsalire, koma amagwira mwakhungu poti palibe amene ali ndi kamera yoyesera. Komanso munthu wina anadandaula kuti inamuumitsira kompyuta. Anamaliza n'kuti ngati alipo amene akugwiritsabe ntchito kamera yotere, ndipo ali wokonzeka kusamala dalaivalayo, alankhule sisitimu yotsatira isanatuluke. Kupanda apo aichotsa.

Ndinapsa mtima mpaka m'makutu munatentha. Timizere tochepa chonchi tikuwalemera chiyani? Sisitimu yonse ija, yodzaza ndi zinthu zimene ine sindidzazigwiritsa ntchito mpaka imfa, malo anasowa a mwana mmodzi wa kwa Mwambo? Ndinadziuza kuti ndiwayankha kuti kamerayo ndili nayo, ikugwira ntchito bwinobwino, ndipo woyang'anira watsopano ndine. Mawu amenewo okha akanakwanira. Anthu aja sabwera kudzaona, amakhulupirira zimene wanena.

Ndisadzikometsere. Ntchito yanga ndi yoika mapulogalamu, kutsegula mapulinta odya mapepala, ndi kukumbutsa mabwana mapasiwedi awo. Zamkati mwa sisitimu ndi dziko lina. Nditatsegula dalaivalayo kuti ndiiwerenge mwachifatse, mzere umene ndinaumva bwinobwino unali umodzi womwe uja. Komabe ndinati ndiphunzira, nanga achimwene anabadwa akudziwa? Ndinangofuna ndikayese kaye kakamerako pa sisitimu yatsopano, kuti polemba kuti kakugwira ntchito ndilembe ndi mtima woyera.

Loweruka ndinakwera minibasi, kenaka njinga yamoto, laputopu ili m'chikwama kumsana. Ndinapeza amayi akuyanika mpunga pamphasa, akuthamangitsana ndi nkhuku.

"Wabwera osanena, kwagwanji?"

"Palibe, amayi. Ndikufuna kakamera ka achimwene."

Anandiyang'ana, n'kumasula kiyi kuchitenje.

Sindinalowemo m'kanyumbamo chimwalirire achimwene. Ndinkangoima panja n'kumaloza mng'alu. M'kati munali fungo la utsi ndi dothi lonyowa. Tebulo linali pamalo pake, sikirini yakufa ija ili pomwepo, ndipo kakamerako kanali pamwamba pake katafunditsidwa kansalu koluka, konga kamene amayi amaika pa wailesi. Ndinatsitsa kakamerako, n'kukalumikiza ku laputopu.

"Khalani apo, amayi."

"Zayambiranso?" Anatero akudandaula, koma anatuluka kukatenga lichero, ngati kuti popanda lichero chithunzi sichingatuluke.

Kagetsi kofiira kanayaka. Sikirini inada, inathwanima, kenaka amayi anatulukira. M'mdima womwe uja, pa kazenera komwe kaja, nkhope yawo inaoneka yonse, kachipsera ka pachipumi, imvi zosuzumira m'mphepete mwa duku. Ndinamva ngati achimwene angotuluka kukatunga madzi ndipo abwera posachedwa kudzandichotsa pampando wawo.

"Iii, ndakalamba chonchi?" amayi anaseka. "Kale kanali kaulemu aka."

Ali m'kati moseka, chithunzi chinaima. Ndinagwedeza mausi, ndinadina mabatani, laputopu yangoti gwa. Amayi a pampando anali atasiya kuseka, a pasikirini akusekabe, kukamwa kuli yasa. Ndinazimitsa ndi batani, n'kuyatsanso. Chithunzi chinabwera, amayi anakanda mphuno, chinaimanso. Ndinayesa khomo lina lolumikizira, ndinapukuta chingwe, ndinauzira ngati ndikukoleza moto. Zinali zomwezo. Munthu wodandaula uja sananame.

Ndinawafotokozera amayi zonse, za chizindikiro cha umasiye, za chidziwitso, za yankho limene ndinkafuna kulemba. Ndinkayembekeza kuti akhala mbali yanga. Ndani angamvetse kukakamira kuposa munthu wa kiyi kuchitenje? Anamvetsera akusankha timiyala.

"Ndiye enawo makina awo akauma chonchi, amaona dzina la ndani?"

"La achimwene. Lili pamwamba."

"Oo." Anataya kamwala pansi. "Nanga iwe ungakonze?"

"Ndingaphunzire."

"Unatero ndi kuwokera mpunga."

Zinandilasa, ndipo ine ndikalasidwa pakamwa sipachedwa. "Inuyo bwanji simugwetsa kanyumba kano? Zaka zonsezi ndikukuuzani za mng'alu. Inu mukakakamira zili bwino, ine ndikakakamira ndalakwa?"

Amayi sanakwiye. Anandiuza kuti ndigwire pansi. Ndinagwira. Panali posalala, pozizira, pozira dzulodzulo. Anandilozera khoma la kummawa. Mng'alu uja unali wotsekedwa ndi dothi latsopano, zala zawo zikuonekera pamene ankakanikiza. Padenga panali udzu wa chaka chomwecho, ndipo pakona panali phulusa pamene amasonkha moto kuti utsi uthamangitse chiswe.

"Ine ndimasesamo muno," anatero. "Tsiku limene msanawu udzakane, udzabwere ndi amalume ako mudzagwetse ine ndikuona. Sindifuna anthu azidzadutsa n'kumati nyumba ya mwana uja ndi iyo mukugona mbuziyo."

Anaimirira n'kupita kukathamangitsa nkhuku pampunga. Ine ndinatsala ndi amayi a pasikirini aja, osekabe. Ndinalira ndithu, kulira kumene sindinalire pamaliro chifukwa pamaliro ndinali wotanganidwa ndi kulandira anthu. Ndinkafuna dzina lija likhale. Ndinkafuna ndizilipeza nthawi iliyonse ndikalifuna, popanda kugwira tsache. Ndipo ndinadziwa kuti ndikanalemba dzina langa pansi pa lawo, sabata yoyamba ndikanawerenga mabuku, yachiwiri pulinta ya abwana ikanadya mapepala, kenaka makalata odandaula akanayamba kuunjikana osayankhidwa, pa mayina awiri m'malo mwa limodzi.

Kakamerako ndinakabwezera pamwamba pa sikirini, ndinakafunditsa kansalu kake. Masana tinadya mlamba wouma ndi mpunga watsopano, osakambanso za nkhaniyo. Pondiperekeza kumsewu amayi anangondifunsa ngati akachotsa ndiye kuti afufutiratu. Ndinawauza kuti ayi, zakale zonse zimasungidwa, wofuna kukumba akhoza kuzipeza, koma sizidzayendanso ndi makompyuta atsopano. Anagwedeza mutu n'kundiuza kuti ndigwiritse chikwama, njinga za masiku ano zimathamanga ngati zabedwa.

Lolemba ndinalemba yankho lalifupi. Ndinati ndine mlongo wake wa amene ankasamala dalaivalayo, ndipo mwini wakeyo anamwalira. Ndinati kamerayo ilipo, ndayesa, ikuumitsa kompyuta, ndipo ine sindingathe kuisamala. Mawu omaliza anandivuta. Ndinapita kukamwa tiyi, ndinabwerako, ndinakonza mausi ya munthu wina imene sinali yowonongeka n'komwe. Kenaka ndinakhala pansi n'kulemba kuti akhoza kuichotsa.

Mkulu uja anayankha tsiku lomwelo. Anapepesa za maliro, anathokoza kuti ndayesa, poti nthawi zambiri amachotsa zinthu osamva liwu la munthu aliyense, n'kumangodzifunsa ngati sanalakwire wina. Kumapeto anafunsa kuti mzere wa chilankhulo china uja umatanthauza chiyani. Anati wakhala akuudutsa kwa zaka zambiri, ndipo ankaopa kuugwira poganiza kuti mwina ndi chenjezo. Ndinamumasulira. Ndinamuuzanso za lichero, za kazenera ndi za azimayi a ku Chisi, ngakhale sanandifunse. Sindikudziwa ngati anawerenga mpaka kumapeto.

Sisitimu yatsopano inatuluka kukutentha, mitengo ya mango itayamba kulemera. Ndinaiika pa laputopu, ndipo zala zanga zinachita zimene zinazolowera, ngakhale mutu unkadziwa. Ndinalemba dzina la achimwene pamalo ofufuzira. Kompyuta inayankha kuti palibe chimene yapeza. Ndinalembanso, mwina ndinaphonya chilembo. Palibe.

Ndinatuluka panja pa ofesi n'kuwaimbira amayi pa foni yoonetsa nkhope imene ndinawagulira. Inalira nthawi yaitali. Atayankha ndinamva kukwecha kwa tsache, ndipo kumbuyo kwawo ndinazindikira kazenera kaja. Anali m'kanyumba. Foni yanga ndi yabwino, anzanga amaisirira, koma pasikirini ndinkangoona duku ndi mano.

"Amayi, tulukani panja, sindikukuonani."

"Dikira kaye," anatero. "Ndimalize kusesa."